Masabata oyamba ndi matayala a liwiro pa galimoto wamba

Musanagule, werengani zolembedwa m'mbali mwa tayala, monga 205/55 R16 91W. Chilembo W chikutanthauza kuti limapirira liwiro la makilomita 270 pa ola. Manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo DOT amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa.

Sinthani onse anayi, apo ayi awiri atsopanowo akhale kumbuyo. Ngati pali muvi, uloze kumene wilo limazungulira popita kutsogolo. Mukayenda makilomita 50, mangitsaninso manati.

Makilomita 500 oyamba yendani mofatsa chifukwa mphira watsopano umaterera pang'ono. Kenako mudzaona chiwongolero chikumvera msanga ndipo mabuleki akugwira pafupi, koma mabampu azimveka kwambiri.

Mpweya muziyeza m'mawa, motsatira nambala ya pachitseko cha dalaivala. Dzuwa la ku Tete mu Okutobala limaukweza, koma musaphwetse tayala lotentha, likazizira mpweya umaperewera.

Choopsa kwenikweni ndi maenje. M'mbali mwa matayalawa ndi mwafupi, moti dzenje limodzi pakati pa Moatize ndi Zóbuè likhoza kudula ulusi wa m'kati, tayala n'kutupa. Lotupa silimatidwa, lichotseni tsiku lomwelo. Inu oyenda m'misewu ya dothi ku Angónia, matayalawa sakuyenerani, mphira wake wofewa miyala imaudya msanga.