Musanapange app ya masewera yophunzitsa Chitumbuka, yambani mwafunsa

Achinyamata ambiri odziwa kompyuta kuno ku Mzuzu amathamangira kupanga app asanadziwe kuti adzaigwiritsa ntchito ndani. Yambirani pamenepo. Namwino wa ku Dedza amene wangotumizidwa kuno akufuna azimva agogo akamafotokoza pomwe pakuwapweteka. Mwana wobadwira ku Chibavi, mu Mzuzu muno, makolo ake a ku Rumphi, akufuna azicheza ndi abale akapita kumudzi. Sankhani gulu limodzi basi.

Kenako tengani kope ndi foni, mupite mumsika kapena kudepoti. Musafunse kuti "Mungakonde app yotani?" Aliyense angokuyankhani zokusangalatsani. Funsani kuti, "Ndi liti pomwe munasowa chonena?" Mumva za kunenerera mtengo wa usipa, za kupepesa pamaliro, za kulonjera apongozi. Maphunziro anu ndi amenewo. Pemphani chilolezo musanajambule mawu a munthu, ndipo ngati ndi ana, yambirani kwa makolo.

Chachitatu, funsani masewera omwe anthuwo anakula nawo. Phada ndi wowerenga kale, ndiye manambala angalowe mosavuta. Ndagi zimakoka mtima chifukwa munthu safuna kugonja. Koma si chilichonse chachikhalidwe chomwe mungaseweretse. Vimbuza, ngakhale UNESCO inavizindikira mu 2005, ndi gule wochizira odwala; khalani pansi ndi akuluakulu musanaviike m'masewera opezera mapointi.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa: muphunzitsa Chitumbuka chiti? Cha ku Rumphi chimasiyanako ndi cha ku Mzimba chomwe chili ndi mawu a Chingoni, ndipo cha m'tauni muno chasakanikirana ndi Chichewa. Kalembedwenso kamasiyana, poti chinenerochi chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi mu 1968, n'kubwerera pa MBC mu 1994. Gwirizanani msanga, kuphatikizapo ngati muzilemba chilembo cha ŵ, ndipo aphunzitsi a zinenero a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) angakuunikireni.

Yang'ananinso mafoni omwe anthu a gulu lanulo ali nawo. Ngati ndi itel kapena Tecno yodzadza kale ndi zithunzi za pa WhatsApp, app yanu ikhale yopepuka komanso yogwira popanda bandulo.

Pomaliza, jambulani masewerawo pamapepala, mupatse anthu angapo ayesere inu muli chete. Pomwe akakamira, lembani, mukonze, muwabwererenso musanatsegule kompyuta.