Kupaka inki ndi kudinda pa chidindo chokhakhala

Chidindo cha collagraph, dzina limene Glen Alps wa ku University of Washington anayambitsa m'zaka za m'ma 1950, chimapangidwa pomata zidutswa za nsalu, mchenga, ulusi kapena masamba ouma pa katoni yolimba. Musanaganize za inki, chipakeni vanishi kapena shellac (mtundu wina wa vanishi) mbali zonse, m'mphepete momwe, chiume gwa. Katoni yosapaka imamwa inki n'kufewa, ndipo pepala lonyowa limakakamira pamenepo n'kung'ambika.

Inki ya mafuta ikalimba kwambiri siifika pansi pa timaenje. Ifewetseni ndi timadontho ta mafuta a linseed (ochokera ku njere za fulakesi), osachulutsa, kenako muilowetse ndi burashi yolimba mozungulirazungulira. Ngakhale mswachi wakale umagwira bwino ntchito imeneyi.

Koma luso lenileni lili pa kupukuta. Tengani tarlatan, nsalu ya mabowomabowo yolimbitsidwa ndi sitachi, muifikise kaye m'manja kuti ifewe, muipinde ikhale kampira. Pukutani pamwamba pokha, dzanja lili lopepuka. Pamene munapaka vanishi wambiri padzayera msanga, pomwe pa mchenga inki idzatsalira n'kutuluka yakuda bii. Kusiyana kumeneku ndiye chithunzi chanu. Ophunzira ambiri amafuna chidindo chioneke choyera, amapukuta mpaka kukokolola inki ya m'timaenje, chithunzi n'kutuluka chotuwa mbuu. Malo ofunika kuwala okha ndiwo mumalizitse ndi kapepala kopyapyala pansonga ya chala. Mukafuna mtundu wachiwiri, yendetsani rola yokhala ndi inki yochepa pamwamba pa zotumphuka, popanda kukanikiza.

Pepala likhale la thonje, lolemera magalamu 250 mpaka 300 pa sikweya mita imodzi (gsm). Liviikeni m'madzi, kenako mulipsinje pakati pa matawulo oyera mpaka lisiye kunyezimira. Likauma sililowa m'timaenje kukatenga inki, likanyowetsa inki imakana kugwira.

Pa makina odindira, amene amapanikiza pepala pa chidindo, chidindo chiyang'ane kumwamba, pepala pamwamba pake, kenako mabulangeti a felt, nsalu yochindikala ya ubweya. Zungulitsani chogwirira cha makina osaima pakati, chifukwa poima pamatsala mzere. Chithunzi choyamba n'choyesera chabe. Mukaona mzere woyera wozungulira ulusi kapena nsalu, ndiye kuti pepala silinafike pansi: onjezani bulangeti lofewa kapena mangitsani makina pang'ono. Zikapitirira, chomatacho chatumphuka kwambiri, chisendeni.