Mukaimba foni n'kuyankhidwa ndi makina

Abale amene muli ku Britain kapena ku America, mukaimba kuchipatala kapena ku ofesi yaikulu, nthawi zina mumayankhidwa ndi makina ofunsa dzina la munthu amene mukumufuna. Musayambe ndi moni. Makinawo amangoyerekeza mawu anu ndi mndandanda wa mayina amene ali nawo, ndiye mawu owonjezera amawasokoneza. Tchulani dzina loyamba ndi la bambo basi, momveka, osakuwa. Zimitsani wailesi, foni muichotse pa sipika.

Mayina akwathu ngati Ng'oma kapena Mphande ndiwo amavuta zedi, poti makinawo anazolowera katchulidwe ka Chingerezi. Yesani kuwatchula mmene mzungu angawawerengere papepala. Zikakanikabe, nenani kuti "operator" kapena dinani 0, kawirikawiri amakulumikizani ndi munthu.