Kusamutsa Uthenga pa Wavelength Ina ndi SOA

Mu fiber imodzi (kachingwe ka galasi kodutsamo kuwala) mumadutsa mauthenga ambiri nthawi imodzi, uliwonse pa wavelength yakeyake (mtundu wa kuwala, umene umayezedwa mu nm), ndipo awiri akafuna malo amodzi, umodzi uyenera kusamutsidwa. SOA (semiconductor optical amplifier), kachipangizo kokulitsa kuwala, imagwira ntchitoyi popanda kusandutsa kuwalako kukhala magetsi, ndipo njira yosavuta kuyamba nayo ndi ya XGM (cross-gain modulation), imene kuwala kumodzi kumasintha mmene SOA ikukulitsira kuwala kunzake.

Pukutani kaye nsonga za makonekita onse, makamaka kuno ku Thyolo kumene chinyezi cha chiperoni chimamatiza fumbi pagalasi. Musasuzumire m'nsongamo, chifukwa kuwala kwa 1550 nm sikuoneka koma kumavulaza diso. Ikani isolator mbali zonse ziwiri za SOA kuti kuwala kobwerera kusaisokoneze, ndipo muyatse chowongolera kutentha musanaipatse magetsi.

Kenako phatikizani kuwala kuwiri mu coupler (kachipangizo kolowetsa kuwala kuwiri mu fiber imodzi yopita ku SOA): kumene kwanyamula uthenga, tinene pa 1555 nm, ndi kwa laser yoyaka mosadukiza pa wavelength imene mukufuna, tinene 1545 nm. Uthenga ukakhala pa 1, kuwala kwake kumadya ma electron a mu SOA, mphamvu yokulitsa imatsika, ndipo kuwala kwa laser ija kumatuluka kofooka. Ukakhala pa 0 kumatuluka kowala. Choncho uthenga umafika uli chozondoka, ndipo olandira ayenera kudziwiratu zimenezi. Kotulukira ikani filter yolola 1545 nm yokha.

Pofunika kudekha ndi pa kuyeza mphamvu za kuwala kuwiriku. Uthenga ukhale wamphamvu kuposa laser, koma laser ikachepa kwambiri imamira mu phokoso la ASE, kuwala kopanda uthenga kumene SOA imatulutsa yokha, ndipo ikachuluka imadya ma electron ambiri, kusiyana kwa 1 ndi 0 n'kuchepa. Sinthani pang'onopang'ono mukuyang'ana eye diagram (chithunzi choonetsa kusiyana kwa 1 ndi 0) pa makina otchedwa oscilloscope. Ine ndimaona kuti ambiri amathamangira kuwonjezera magetsi a SOA pamene vuto lili pa laser. Ngati muli ndi mwayi wosankha, samutsirani ku wavelength yaifupi, chifukwa kupita ku yaitali kumachepetsa kusiyana kwa 1 ndi 0 kuja.

XGM siisunga phase ya kuwala, kutanthauza kutsogola kapena kutsalira kwa mafunde ake. Ngati uthenga wanu uli mu phase, monga wa njira yolembera uthenga yotchedwa QPSK, mufunika njira ina ya FWM (four-wave mixing), imene imafuna kuti polarization (mbali imene mafunde a kuwala akugwedezekera) ya kuwala kuwiriku igwirizane.