Mukafuna kukacheza ku gombe la Tanzania ndi zilumba zake, yambani mwafunsa za madzi ndi mphepo

Ulendo woyamba umene ndinapita ku Zanzibar ndinafika m'mudzi wa Jambiani dzuwa lili paliwombo, chikwama kumsana, mtima uli pa kusambira basi. Nditatsikira kugombe ndinapeza nyanja kulibe. Madzi anali ataphwa, akuonekera kutali ngati kamzere, ndipo pamene ndinkayembekezera kusambira panali amayi atawerama, akumangirira ndere zawo pa zingwe zokhomedwa ndi tizikhomo mumchenga. Mayi wina anandilozera dzuwa, kenaka n'kuloza kumadzulo, kundiuza kuti ndidikire. Madziwo anabweradi chakumadzulo, mpaka kudzanyambita makwerero a nyumba imene ndinafikira.

Kuchokera tsiku limenelo, munthu akandifunsa mmene angakonzere tchuthi cha ku gombe limeneli, ndimamuuza kuti zithunzi za mahotela aziike kaye pambali. Chimene chidzakupatseni masiku abwino kapena oipa ndi madzi ndi mphepo.

Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Kuchokera pamene yadzaza kufika pamene yaphwa pamapita maola pafupifupi 6, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, chifukwa ndi mwezi umene umakoka madziwo. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, madzi amadzaza kwambiri, amaphwanso kwambiri. Ndandanda ya nthawi zimenezi imapezeka pa intaneti, ndipo muione musanalipire malo ogona. Kum'mawa kwa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, kumene kuli Paje, Bwejuu, Jambiani ndi Matemwe, pansi pa nyanja n'posaya mtunda wautali, choncho madzi akaphwa mumayenda ndithu kuti muwapeze. Ngati muli ndi ana amene akufuna kuvuvumuka m'madzi nthawi ina iliyonse, pitani kumpoto, ku Nungwi kapena Kendwa, kumene gombe limatsetsereka msanga. Kumeneko anthu ndi ambiri, nyimbo zimalira mpaka usiku. Ine mtima wanga unatsalira ku Jambiani komweko, kumene nyanja ikachoka mudzi wonse umatsikira kumchenga, ena kukatola nkhono, ena kukakonza ngalawa zawo zitagona chammbali.

Mukamayenda pamene madzi aphwa, valani nsapato za labala. M'matanthwe mumabisala tizilombo takuda tozungulira, taminga itali-itali, ndipo minga yake ikathyokera m'phazi tchuthi chonse mumayenda chotsimphina.

Za mphepo, eni ake ali ndi mayina awiri amene muyenera kuwasunga. Kaskazi imaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi, ndipo nyengo imeneyi kumatentha kwambiri. Kusi imachokera kum'mwera, imalimba pakati pa chaka, ndipo ndi imene imavundula nyanja. Mvula yaikulu, imene amati masika, imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi. Kuli inanso yochepa ya mu Novembala ndi Disembala, imene amati vuli, koma imeneyo kawirikawiri imangowaza n'kupita. Amene safuna kutentha asankhe pakati pa Juni ndi Okutobala, angodziwa kuti powoloka nyanja boti lidzawagwedeza.

Kuchokera ku Dar es Salaam kukafika padoko la Stone Town, mzinda wakale wa pa Unguja, boti lothamanga limatenga maola pafupifupi 2. Tikiti gulani pawindo la kampani yeniyeni kapena pa intaneti. Panja padoko pamakhala anyamata amene amakuthamangirani ndi mawu okoma; akaneni mwaulemu n'kumapitirira. Ngati mumachita chizungulire pamadzi, kwerani la m'mawa, khalani chakumbuyo, maso akhale kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo. Pasipoti ikhale pafupi, musaiike pansi pa chikwama. Zanzibar inagwirizana ndi Tanganyika mu 1964 n'kupanga Tanzania, komabe ili ndi boma lakelake, ndipo padoko amaona ziphaso za alendo. Kuyambira mu Okutobala 2024 boma limeneli limafunanso kuti alendo ochokera kunja agule inshuwalansi yake yapaulendo, choncho malizani zimenezo pa intaneti musananyamuke. Ndalama zoyendera ndi mashilingi a Tanzania, ndipo mukamapita kumidzi yakugombe tapirani ku Stone Town, musadalire kuti mukapeza makina a ndalama kutsogolo.

Pali chinthu china chimene chinandidyera tsiku lathunthu. M'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira mbandakucha: 7 koloko m'mawa ndi saa moja, 12 koloko masana ndi saa sita. Ndinapangana ndi bambo wina wa boti kuti akandiwolotsere ku chilumba cha Changuu, iwo anati saa mbili. Ine ndinafika 2 koloko masana, pamene iwo ankanena 8 koloko m'mawa. Anandidikira, n'kutenga anthu ena. Mukapangana nthawi ndi munthu, muonetseni pafoni kapena mulembe manambala, nonse mugwedeze mutu.

Ku Stone Town gonaniko masiku awiri, musangodutsa. Mzindawu unalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 2000, ndipo kukoma kwake n'kusochera m'tinjira take topanikizika, mukuona zitseko zosema zokhomedwa misomali yamkuwa. Kafikeni pa tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chimene chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo wotsekedwa mu 1873. Pamenepo musapite mothamanga. Madzulo anthu amasonkhana ku Forodhani, kumene amawotcha nsomba ndi nyama m'mbali mwa nyanja. Anthu ambiri a kuno ndi Asilamu, ndiye m'tauni ndi m'midzi phimbani mapewa ndi mawondo, zovala zosambira zithere kugombe. Mukafika nthawi ya Ramadan, musadyere kapena kumwera pamsewu masana.

Changuu ili pafupi, ndi ulendo wa theka la ola pa boti. Nyumba yake inamangidwa kuti ikhale ndende koma inakhala malo osungirako odwala matenda opatsirana, ndipo lero anthu amapitira afulu akuluakulu amene makolo awo anachokera ku Seychelles mu 1919. Mukamapita kum'mawa, imani ku nkhalango ya Jozani mukaone apusi ofiira kumsana amene kwawo ndi ku Zanzibar kokha.

Amene ali ndi masiku ochulukirapo asathere pa Unguja. Chilumba cha Mafia chili kum'mwera, ndipo pandege yaing'ono kuchokera ku Dar es Salaam ndi theka la ola. Kumeneko kuli malo otetezedwa a zamoyo za m'nyanja amene anakhazikitsidwa mu 1995, ndipo mukagona mkati mwake, cha ku Utende ndi Chole, mumalipira tsiku lililonse. Pakati pa Okutobala ndi Malichi, pafupi ndi tauni ya Kilindoni pamabwera mashaki amawangamawanga, nsomba yaikulu kuposa zonse padziko. Sizidya anthu, zimasefa tizamoyo ting'onoting'ono m'madzi. Ine nditalowa m'madzi, imodzi inadutsa pansi panga mwakachetechete, mchira wake ukupita uku ndi uku, kutalika kwake kuposa boti limene tinakwera. Musaikhudze, musaitsekere njira, ndipo woyendetsa boti akamaithamangitsa muuzeni asiye. Pemba, kumpoto, ndi chilumba cha zitunda ndi minda ya karafuu (zonunkhiritsa chakudya zimene pa Chingerezi amati cloves), alendo ndi ochepa.

Kumtunda nakonso kuli zoona. Bagamoyo ili kumpoto kwa Dar es Salaam, mungapite n'kubwerera tsiku lomwelo. Ngati nthawi yachepa kwambiri, tizilumba ta Bongoyo ndi Mbudya tili pamphuno pa Dar es Salaam. Koma ngati mumakonda mbiri, pirirani ulendo wa makilomita pafupifupi 300 kupita kum'mwera, ku Kilwa Masoko, mutenge chilolezo, muwoloke kupita ku Kilwa Kisiwani. Kumeneko kuli mabwinja a mzikiti waukulu womangidwa ndi miyala ya m'nyanja, mumzinda umene Ibn Battuta, wapaulendo wotchuka wa ku Morocco, anafikako mu 1331.

Boti lililonse limene mukukwera, laling'ono kapena lalikulu, yambani mwaona majekete odzitetezera m'madzi, ndipo likadzaza mopitirira muyeso tsikani, ngakhale mwalipira kale. Mu Seputembala 2011 sitima yonyamula anthu ndi katundu wochuluka inamira pakati pa Unguja ndi Pemba, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Pa chifukwa chomwechi, musaike kuwoloka nyanja ndi kukwera ndege yobwerera pa tsiku limodzi. Mphepo ikalimba maboti aang'ono sanyamuka, ndipo munthu wofulumira ndi amene amakakamiza woyendetsa. Bwererani kumtunda kutatsala tsiku limodzi, mukagone pafupi ndi bwalo la ndege.