Mukafuna kuona tsitsi pa maikulosikopu

Dulani kachidutswa ka tsitsi kotalika sentimita imodzi, mukaike pa silaidi (kagalasi koikapo chinthu chomwe mukufuna kuona), mudonthezepo madzi n'kuphimba ndi kagalasi kopyapyala. Pa malenzi oyang'ana silaidi, yambani ndi ya 4x, yokulitsa kanayi. Poti lenzi yakumaso nthawi zambiri imakhala ya 10x, tsitsilo likula ka 40, zokwanira kuti mulipeze. Pa zopotokola ziwiri zothandiza kuti chithunzi chioneke bwino, chachikulu n'cha pano pokha. Mukafika pa lenzi ya 40x muzikhudza chaching'ono, apo ayi muswa silaidi.

Ambiri amaphonya pa kuwala. Kukachuluka, zam'kati sizioneka, ndiye tsekani pang'ono diaphragm, kachibowo kolowetsa kuwala kamene kali pansi pa thebulo loikapo silaidi. Mudzaona cortex, gawo lalikulu losunga melanin yopatsa tsitsi mtundu wake, ndi medulla, kamzere kapakati. Mwa munthu kamakhala kowonda, kodukaduka, mwinanso kosapezeka konse, choncho musaganize kuti makina avuta.

Mamba a kunja, cuticle, ndiwo ovuta, makamaka pa tsitsi lakuda. Pakani polishi wa zikhadabo wosakhala ndi mtundu pa silaidi, gonekanipo tsitsi, ndipo polishiyo atatsala pang'ono kuuma lichotseni. Chidindo chotsalacho chimaonetsa mamba bwino kuposa tsitsi lenilenilo.