Dryer ikalemba zilembo, musaitseke pakamwa ndi waya

Chiyambireni mvula kulimba mu Disembala ndakhala ndikutsegula makina oumitsira zovala, aja tonse timangoti dryer, m'malo ochapira ndi m'malo ogona alendo ku Limbe, ku Chitawira, ku Namiwawa mpaka ku Chirimba. Ndikachotsa chivindikiro chakumbuyo, chimene ndikupeza chikumakhala chimodzimodzi: kawaya. Kawaya kofiira, kooneka kuti kanadulidwa ku chingwe cha wailesi yakale, kopotedwa pamiyendo iwiri ya fyuzi ya kutentha kuti magetsi aziilumpha, n'kukulungidwa ndi tepi yakuda. Ndikafunsa kuti makinawa asanasiye kutentha ankalemba chiyani pakagalasi, anyamata ochapa amayang'anana. Mmodzi amati, “Ankalemba tizilembo tinatake, bwana, ife timangozimitsa pakhoma n'kuyatsanso.” Wolemba tizilemboto papepala palibe, wojambula ndi foni palibe, chonsecho foni ili m'thumba tsiku lonse.

Chimene chikuwakakamiza ndikuchidziwa. Dzinja la kuno ku Blantyre likagwira, dzuwa limatha kusowa masiku atatu, nsalu za pabedi zili mulu, matawulo akununkha chinyezi, alendo akufika madzulo omwewo. Kuyanika pansi pa mtengo kapena pa udzu n'kuitana ntchentche zija zimaikira mazira pa zovala zonyowa n'kusiyira ana mphutsi pakhungu. Mvula ikatha, chiperoni chili kudikira mu Juni ndi Julayi. Ndiye dryer ikaima ntchito yonse yaima, ndipo munthu amalandira chilichonse choti iyambenso lero lomwe. Koma chimene mukuchitachi sikukonza ayi. Makina akukuuzani pamene pakuwawa, inu mukuwatseka pakamwa.

Ambiri amaganiza kuti chimene chimaumitsa zovala ndi moto wa elementi wokha. Si choncho, ntchito yaikulu ndi ya mpweya woyenda. Fani imakoka mpweya, mpweyawo umatentha podutsa pa elementi, umalowa m'dramu n'kutola chinyezi cha zovala, kenako umadutsa pa sefa n'kutulukira m'paipi. Mpweya womwewo ndi umene umaziziritsa elementi kuti isapse. Njira yotulukira ikatsekeka, kutentha kumaunjikana mkati pamene chinyezi sichikupita kulikonse. Opanga makina anaika alonda atatu pa vuto limeneli. Woyamba ndi sensa yoyeza kutentha, imene imauza bolodi, ubongo wa makinawo, kuti lilembe khodi, tizilembo tija ta pakagalasi. Wachiwiri ndi thermostat, imene imadula moto kukatentha n'kuubwezera kukazizira. Wotsiriza ndi fyuzi ya kutentha, imene imaduka kamodzi kokha osabwereranso. Ndiye fyuzi ikafa, dziwani kuti awiri oyambawo akhala akufuula kwa masabata inu osamva. Kuika waya pamenepo n'kuchotsa mlonda yekhayo amene anatsala, mbala ikadali m'nyumba.

Makhodiwa si chinsinsi cha amisiri. Pa makina ena a LG otulutsira mpweya panja, d80, d90 ndi d95 akutanthauza kuti njira ya mpweya yatsekeka ndi magawo 80, 90 kapena 95 pa 100. Makinawo achita kukuwerengerani! Pa Whirlpool uthenga womwewo umabwera ngati AF. Pa Samsung, HC ikunena kuti kwatentha mopitirira muyeso, pamene tC kapena tE ikuloza ku sensa yoyeza kutentha, yomwe pa LG imalembedwa tE1 kapena tE2. Koma apa mpomwe ambiri amaphonya. Khodi imakuuzani kumene makina akumva kuwawa, sikuti chipangizo chimene yatchulacho ndiye chafa. Sensa yokwiririka mu ubweya wa zovala imawerenga zolakwika ili yamoyo. Ndaona anthu akugula sensa yatsopano kawiri, wina mpaka bolodi lonse, chipangizo chimene mtengo wake umaliza munthu, chikhalirecho paipi yakumbuyo yapanikizika pakati pa makina ndi khoma, yaphwatalala ngati chikwama chopanda kanthu.

Tiyeni tiwerenge zimene kawayako kamadya. Dryer ya elementi imakoka mawati apakati pa 2,000 ndi 2,500, kutanthauza mayunitsi awiri kapena awiri ndi theka pa ola ikamayaka mosadukiza. Ena akumalumphitsa ndi thermostat yomwe, ndiye elementi sipuma n'komwe. Zovala zimene zimauma pa ola ndi theka mpweya ukamayenda bwino, paipi ikatsekeka zimatenga maola atatu, n'kutulukabe zachinyontho m'makola ndi m'matumba. Malo ochapira amene amaumitsa kanayi patsiku akutaya maola 6 a magetsi tsiku lililonse. Mwini wake amadandaula kuti mayunitsi akutha msanga, amakayikira mita, amakayikira antchito kuti akumaphika nyemba usiku, koma kuseri kwa dryer sasuzumirako.

Kenako zovala za makasitomala. Mayunifolomu a sukulu a polyester amakwinyika osawongokanso, lasitiki wa masiketi ndi makabudula amafa, nsalu zoyera zimatuluka ndi mizere yofiirira ngati wina anaziiwalira simbi. Mayi amene mwawawotchera bulauzi yawo yoyera ya Mvano sabweranso, ndipo pofika Lamulungu mpingo wonse wamva.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi moto. Tengani kaubweya ka pa sefa kokwana m'dzanja, mukakaike padothi panja, mukayandikize machesi. Kamatha musanaphethire. Tsono ubweya umenewu sukhala pa sefa pokha. Paipi ikatsekeka umabwerera mkati, umayalana pansi pa dramu, umakuta mota, umafika pafupi ndi elementi imene yafiira. Onjezanipo matawulo a ku saluni ndi nsalu zopukutira kukhitchini, zimene mafuta ake satheratu ngakhale mutachapa. Nsalu zamafuta zikatentha n'kuunjikidwa pamodzi zimatha kuyaka zokha, popanda wozikoleza. N'chifukwa chake dryer imazungulira mphindi zingapo kumapeto ndi mpweya wozizira, ndipo mphindi zimenezo ndi zomwe mumazidula pothamangira kuika zina. Zipinda zambiri zochapira zimene ndalowamo ndi zopanikizika, zili kuseri kwa khitchini, pena silinda ya gasi ili pakhoma lomwelo.

Mwezi wathawu anandiitana bambo ena a ku Bvumbwe, alimi a kabichi ndi tomato, amene ndalama za kudimba anatsegulira nyumba yogona alendo ku Limbe. Dryer yawo anaigula yogwirapo kale ntchito, yopanda buku. Inayamba kulemba khodi ya kutentha Khirisimasi isanafike, mtsikana wochapa n'kumangozimitsa pakhoma. Itasiyiratu kutentha, mnzawo wina wodziwako za magetsi anabwera ndi kawaya, analandira yake ya sopo, makina n'kuyamba. Chimwemwe chinali cha sabata imodzi. Loweruka m'mawa mtsikanayo anamva fungo la pulasitiki, potsegula chitseko utsi n'kumuwomba kumaso. Mwayi wake anali pomwepo, ndipo anathamanga kukazimitsa magetsi a nyumba yonse. Nditafika ndinapeza elementi yaduka, mawaya apsa mpaka ku mota, mapiko a fani asungunuka mbali imodzi. Paipi inkatulukira pawindo, yopindika kawiri pa zitsulo zotchingira akuba. Nditaisolola n'kuigwedeza munatuluka ubweya wonyowa, wolimba ngati chigumu, wofika theka la ndowa, kumapeto kwake kuli chisa cha khoswe. Bambowo anayang'ana ndowayo nthawi yaitali, kenako anati, “Achimwene, ine chimanga chikachita chikasu ndimadziwa kuti chikupempha feteleza, sindipita kukagula penti wobiriwira. Apa ndiye ndapaka penti.”  Zipangizo zina tinachita kuitanitsa ku Johannesburg, ndipo masabata atatu onse nsalu za alendo zinkayanikidwa m'khonde. Fyuzi yoyenera ndi ola limodzi lotsuka paipi zikanathetsa nkhani yonseyi mu Disembala.

Mtsikana uja sindimuimba mlandu. Nditamufunsa chifukwa chimene sananene, anati ankaopa kuti amudula malipiro pomuganizira kuti wawononga makina. Eni malo, mukapanga antchito anu kuopa kunena, khodi iliyonse izithera pa switchi ya pakhoma, inu muzimva pamene utsi watuluka.

Khalidwe limeneli si lachilendo, ndipo landitopetsa. Ndi lomwe lija lokulunga fyuzi ya pulagi ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, lomwe lija lomenya wailesi mbama kuti iyankhule. Fyuzi ya mu pulagi ndi ya ma amp 13, ndipo pa magetsi athu a ma volt 230 imanyamula pafupifupi mawati 3,000 basi. Dryer yokha yatenga pafupifupi zonsezo, inu n'kuilumikiza pa extension imodzi ndi simbi ndi ketulo, pulagi ikada n'kusungunuka muziti makina ndi achabechabe. Ena akumapakira dramu mpaka chitseko kuchita kukankha ndi bondo, ati kupulumutsa mayunitsi, zovala zake zongofinya ndi manja, madzi ali chuchuchu. Mpweya udutsa pati? Safunsa anadya phula, ndipo kufunsa kwa masiku ano n'kungolemba dzina la makina ndi nambala yake pa intaneti. Nambalayo ili pa kapepala komatidwa m'mphepete mwa chitseko kapena kumbuyo. Musatenge tanthauzo la khodi ya kampani ina n'kuliveka makina a kampani ina, aliyense ali ndi kalembedwe kake.

Si khodi iliyonse imene ili yoopsa. PF pa Whirlpool ikungonena kuti magetsi anathima makina ali mkati mwa ntchito. 9C1 pa Samsung ikudandaula za mphamvu ya magetsi, zomwe zimachitika mukaiyendetsa pa jenereta yaing'ono kapena magetsi akabwera ofooka. dE pa LG ndi pa Samsung ndi chitseko chimene sichinatsekeke, mwina sokosi yapanikizika. Kuzimitsa n'kuyatsanso kamodzi, mutalemba kaye khodiyo, si kulakwa. Ikabweranso kachiwiri, imani.

Zochita zake n'zochepa, ndingozitchula mwachangu. Jambulani khodi musanakhudze chilichonse, kenako zulani pulagi, kuzimitsa pa batani kokha sikukwanira. Sefa ichotsedwe ubweya ulendo uliwonse, ndipo kamodzi pamwezi itsukidwe ndi madzi ofunda ndi sopo, chifukwa mankhwala ofewetsa zovala amaimata mosaoneka. Thiranipo madzi, akadikha osadutsa ndiye kuti yamatika. Sololani paipi, itsukeni, ikhale yaifupi ndi yosapindikapindika, ndipo mukayatsa makina pitani panja mukaike dzanja potulukira, mpweya uzichita kukankha. Amene makina anu alibe paipi, aja osunga madzi m'thanki, tayani madziwo ulendo uliwonse ndipo tsegulani kachitseko kapansi, mupezamo sefa yachiwiri kapena condenser, chipangizo chosandutsa chinyezi kukhala madzi, yofunika kutsuka. 5C pa Samsung ndi madzi amene akulephera kutuluka. Wokhala ndi multimeter, kachipangizo koyezera za magetsi, ayeze pulagi ili yozula. Fyuzi ya kutentha yamoyo iwerenga pafupifupi 0, elementi ya mawati 2,000 iwerenga cha m'ma ohm 26, sensa ya makina ambiri cha m'ma ohm 10,000 m'chipinda chosatentha, nambalayo n'kumatsika mukaifumbata m'manja. Fyuzi yakufa isinthidwe ndi ina ya nambala yomwe yalembedwa pathupi pake, mutatsegula kaye njira ya mpweya, apo ayi yatsopanoyo ifanso sabata yomweyo. Makina opanda kagalasi, aja ongopotokola, khodi yawo ndi pamwamba potentha mosagwirika ndi zovala zochedwa kuuma. Za gasi wa makina a heat pump, aja oumitsa ndi gasi ngati wa firiji, ndi za bolodi siyirani mmisiri wodziwa. Ndipo inu amene mukudziwa kuti kumbuyo kwa dryer yanu kuli kawaya, musaiyatse mawa m'mawa kufikira kachotsedwe.